Miyendo ya Domingo

Anandinyamula anthu anayi n'kundigoneka m'ngolo ya njinga ya odwala, mapazi kutsogolo. Mkazi wanga Felista anandiikira chitenje kumutu ndi kachitini kolavuliramo pambali. Munali m'mwezi wa Malichi. M'mawa umenewo ndinatsokomola magazi odzaza chikhatho, ndipo nditati ndiimirire ndinagwera pa mtondo.

Amene anatchova njingayo ndi Domingo.

Chinsalu cholimba cha lona chinali chitaphimba ngoloyo pamwamba ndi m'mbali. Kutsogolo kokha ndiko kunali kotsegula, ndipo kumeneko kunali miyendo ya Domingo, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika. Akatumba ake anali ngati zinangwa zonenepa. Za imfa ndinaganizako pang'ono. Kwambiri ndinkaganiza za miyendo imeneyo, ndi yanga imene inali itasanduka mapesi.

Dzina langa ndine Zakariya. Ndimakhala m'mudzi wina wa m'boma la Milange, kufupi ndi malire. Ntchito yanga ndi kulima ndi kunyamula chimanga pa njinga kupita nacho kumsika wa tsidya la Malawi. Ndinkanyamula matumba atatu. Pa njira yathu pali chitunda cha pa mabulugamu chimene aliyense amatsika n'kukankha. Ine sindinkatsika. M'mudzi monse ankadziwa zimenezi, ndipo china chodziwika nacho ndinalibe.

A namwino anati ife amene tinachira tizifotokoza mmene zinayendera, kuti ena asachedwe. Ndiye ndifotokoza.

Domingo ndinamudziwa tili ana ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi. Matenti athu anali oyandikana, ndipo mtendere utabwera tinabwerera pa lole imodzi. Kusukulu ya kukampu, belu ankapatsa iye. Ine ndinalekezera pulayimale. Iye anapitirirako pang'ono, n'kudziwa Chipwitikizi chokwanira kulankhula ndi anthu a m'maofesi osanjenjemera. Felista anayamba kumufunsira ndi iye. Felista anamukana, n'kudzalola ine. Anthu amati nkhani inathera pomwepo, poti naye Domingo anakwatira ndipo ana ali nawo. Koma munthu amene anamuona mkazi wako iwe usanamuone, sumuiwala.

Masiku ano Domingo ndi akitivisita. Amatsogolera gulu la anthu odzipereka la m'mudzi mwathu, ambiri mwa iwo amayi a kutchalitchi. Malipiro salandira. Amatungira madzi okalamba, amafolera nyumba za amasiye, amanyamula odwala kupita nawo kuchipatala chaching'ono chimene timachitcha sentro. Chimene Domingo analandirapo ndi sikipa yobiriwira ndi chipewa basi. Ine ndinkati ndi ntchito ya anthu osowa chochita. Koma akamadutsa ndi sikipayo amayi ankaleka kusinja n'kumupatsa moni mpaka kufunsa za ana ake. Ine ndikamadutsa ndi matumba atatu ankangondikuwira kuti ndisaponde anapiye.

Chifuwa chinayamba mu Ogasiti. Ndinati ndi fumbi la m'misewu. Ndinagula mapiritsi kumsika, ndinafukiza masamba a bulugamu, ndinamwa mandimu. Chinkachepa masiku angapo n'kubwereranso. Mu Seputembala ndinayamba kudzuka mkeka uli chinyowere ndi thukuta. Dzuwa likapendeka thupi linkatentha, chakudya osachifuna. Lamba ndinamubowola ndi msomali, kenako ndinamubowolanso. Mu Okutobala, tsiku lina lotentha, ndinatsika pa chitunda cha pa mabulugamu ndili ndi matumba awiri okha. Ndinayang'ana kumbuyo ndi kutsogolo kuti ndione ngati pali wandiona.

Lamlungu lotsatira Domingo ananditsatira potuluka m'tchalitchi. Iye amanditcha mano, ndiye kuti achimwene pa Chipwitikizi.

"Mano, chifuwa chimenecho chakhalitsa. Ndikupatseni kabotolo mulavuliremo, ndikapereka ndine ku sentro. Simuvutika n'kuyenda komwe."

Ndinamuuza kuti makhololo anga sayenda ndi munthu wina.

Akanandiuza wina aliyense mwina ndikanamva. Poti ananena ndi iye, ndinakhala mwezi wina wathunthu ndikutsokomolera ana anga m'nyumba.

Anandigonjetsa ndi Felista. Kumayambiriro kwa Novembala anaphwetsa matayala onse awiri a njinga yanga n'kubisa pampu. Anati ndidzaiona ndikachokera kuchipatala. Tinapita wapansi, ndikupuma pansi pa mitengo ya mango ngati nkhalamba.

Ku sentro umafika m'mamawa, n'kuika khadi lako pamulu wa makhadi, n'kukhala pa benchi. Umadikira. Otsokomola amatikhazika panja pamphepo, kutali ndi amayi a ana. Anandikweza pa sikelo, anandifunsa mafunso, anandipatsa timabotolo tolavuliramo, anandiyezanso magazi. Magazi analibe vuto. Nditabwerako tsiku lina kudzamva zotsatira, a namwino ananditsekera chitseko n'kunena kuti ndi chifuwa chachikulu, TB.

"Chimachira," anatero. "Miyezi isanu ndi umodzi, tsiku lililonse, m'mawa musanadye. Mkodzo ufiira, musachite mantha. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri mumva bwino ngati mwachira. Apo m'pamene ambiri amagwera. Musasiye."

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndipo mukhala ndi padrinyu."

Ndinati padrinyu wanga wa ubatizo anamwalira kale. A namwino anaseka. Anati uyu ndi wina, munthu wa m'mudzi wokusungira mankhwala, wobwera nawo m'mawa uliwonse ndi kuona ndi maso ake kuti wameza.

"Kwanu kuli a Domingo. Muli ndi mwayi, bambo. Wodwala wa a Domingo sanathawepo mankhwala."

Felista ndi ana anawayezanso. Onse anapezeka ali bwino, koma wamng'ono anamupatsa mankhwala oteteza. Zimenezo ndinazimva mumtima.

Choncho m'mawa uliwonse, nkhuku zikungotuluka, belu la njinga linkalira pakhomo panga.

"Bom dia, mano! Mwadzuka bwanji? Madzi aja ali kuti, alamu?"

Felista ankamutulutsira mpando wotsamira, umene timasungira alendo. Ine ndinkakhala pa mkeka. Ankandiika mapiritsi m'dzanja, ndinkameza, kenako ankati, "Tsegulani kukamwa. Kwezani lilime." Munthu wamkulu, bambo wa ana, kuyasamulira Domingo pakhomo panga pomwe, mkazi wanga akuonerera. Akatha ankamwa tiyi m'kapu ya maluwa, n'kumuuza Felista nkhani zoseketsa. Felista ankaseka mpaka kugwira chitseko. Ine kuseka kumeneko ndinali nditakhala nthawi osakumva.

M'nyumba mwanga munadzaza mawu a Domingo. A Domingo ati zenera likhale lotsegula. A Domingo ati mugone panokha kaye. A Domingo ati muzitsokomolera m'kansalu. A Domingo ati mudye mazira. Tsiku lina ndinawaona awiriwo ataima kuseri kwa nkhokwe akulankhula motsitsa mawu. Nditatsokomola anasiya. Ndinamufunsa Felista, anati, "Palibe, za gulu." Felista sanali wa m'gulu.

Ndinapirira masabata awiri. Kenako ndinachita chinthu chimene munthu wa kutali ndi malire sangachiganize.

Ife a m'malire zonse tili nazo ziwiriziwiri. Misika iwiri, ndalama za mitundu iwiri, abale tsidya lino ndi tsidya ilo. Zipatala nazonso ziwiri. Ndinawoloka mtsinje pa doko lathu la masiku onse, madzi akulekeza m'mawondo, n'kupita kwa msuweni wanga. Anandiperekeza ku chipatala cha kumeneko. Ndinatchula mudzi wake ngati wanga. Sindinawauze kuti ndinayamba kale mankhwala kwathu. Anandiyeza, anapeza chomwecho, anandifunsa wondiyang'anira, ndinaloza msuweni. Anandipatsa mankhwala ndi tsiku lodzatenga ena. Iwo analibe cholakwa. Ananditenga ngati munthu wonena zoona.

M'mawa mwake belu litalira ndinamuuza Domingo kuti asavutikenso, mankhwala ndikulandira ku Malawi.

Anabweza mapiritsi m'thumba. Kenako anati, "Mano, mtsinje uja m'Januwale suwolokeka."

"Ndauwoloka zaka zonsezi ndi matumba, iwe ukugawa timabotolo."

Anabweranso masiku atatu otsatira. Sindinatuluke. Anakanena ku sentro, a namwino anatumiza mawu, sindinayankhe. Mpando wotsamira unabwerera m'nyumba. Ndinamva bwino ngati ndapambana mlandu.

Kumapeto kwa mwezi womwewo mvula yoyamba inagwa. Munda wanga unali wosagalauza, poti ndinalibe mphamvu yokweza khasu. M'mawa wina ndinamva nyimbo kumunda. Ndinatenga ndodo n'kupita. Ndinapeza gulu lonse la Domingo lili m'munda mwanga ndi makasu awo, chakudya chawo atabwera nacho okha. Imeneyo ndiyo nkhani ankanong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Domingo anali kutsogolo, sikipa atavula n'kuipachika pa chitsamba, akuyambitsa nyimbo. Mizere yake inali yowongoka ngati wakoka chingwe. Felista ankabwera pambuyo pake akuponya mbewu.

Wina angaganize kuti mtima wanga unakhala pansi nditadziwa chimene ankanong'onezana. Sunakhale. Munda umenewo anaswa mphanje ndi bambo anga titangobwera kuchokera ku kampu. Khasu la mwamuna wina linali lisanalowemo.

Ndinaonanso kuti akubzala njere imodzi phando limodzi, mapando moyandikana. Ine ndimaponya zitatu. Madzulo ndinamuuza Felista kuti andiwonongera munda. Anati a Domingo ati ndi mmene alangizi akuphunzitsira. Ndinati tidzaona pokolola.

Mu Disembala ndinapeza bwino ndithu. Chifuwa chinachepa, thukuta linasiya, njala inabwerera. Ndinawoloka kukatenga mankhwala ena, ndinapopa njinga, ndinayambanso kunyamula thumba limodzi. Mu Januwale mvula inagwa sabata yathunthu osakata. Tsiku langa lotenga mankhwala litafika ndinapita pa doko. Madzi anali ofiira, akunyamula mitengo ndi nthochi zozulidwa. Ndinaima, ndinabwerera.

Njira zinalipo. Ndikanakwera chapa, minibasi ya kwathu, kupita ku tauni n'kudutsa pa chipata cha boma. Ndikanapita ku sentro kwathu, kufupi pomwepa, n'kunena zoona. Koma ku sentro akanandibwezera kwa Domingo, ndipo Domingo anali atanena kale za mtsinjewo. Ndinati ndidikira madzi aphwe. Ataphwa, tsiku linali litadutsa kalekale, thupi ndinkalimva bwino, ndipo ndinati basi ndachira.

Felista sindinamuuze. M'mawa ndinkameza kapiritsi ka mutu kogula kumsika, iye akuona chapatali. Anandigwira ndi chitini chimene ndinkakodzeramo usiku, poti ankakataya ndi iye.

"Abambo ake Tereza, m'chitini muja mwayera bwanji? A Domingo anati munthu akamamwa mankhwala aja mkodzo umafiira."

Ndinamuuza kuti ngati mawu a Domingo akumukoma chotero atenge zovala zake akawamvere pafupi.

Anatsuka chitinicho n'kuchiyanika pa thandala. Masiku otsatira ankandiikira chakudya osandiyang'ana.

Kumapeto kwa Febuluwale chifuwa chinabwerera, choposa poyamba. Kupuma kunkabaya kumbali ya kumanja. Mawu anasasa. Kupita kuchimbudzi ndinkachita kugwira khoma. Kenako m'mawa uja wa Malichi, magazi aja. Felista sanandifunse maganizo. Anathamanga yekha kukagogoda kwa Domingo.

Ndi mmene ndinapezekera m'ngolo muja. Njingayo inkalira ngati mwana wa mbuzi. Tcheni chinali chouma, gudumu lakumbuyo likuvina. Titafika pa chitunda cha pa mabulugamu ndinadzutsa mutu kuti ndione. Domingo anaimirira pa mapedulo, anayesa, anayesanso, kenako anatsika n'kuyamba kukankha, Felista akukankha ngolo kumbuyo. Ndinali pafupi kufa koma ndinakondwa.

Pamwamba anasuzumira m'lona, thukuta likudontha m'chibwano. "Mano, mukupuma?"

"Tcheni chauma," ndinatero. Ulendo wonse ndinalankhula zokhazo.

A namwino a ku sentro atandiona sanakalipe. Anangopukusa mutu, n'kuitanitsa galimoto yonditengera ku chipatala chachikulu ku Milange. Kumeneko anandigoneka m'chipinda cha odwala chifuwa. Mazenera satsekedwa ngakhale kuzizire, chifukwa mphepo ndiyo imatulutsa matenda. Aliyense wolowa amavala kansalu kumphuno. M'mamawa amabwera ndi mapiritsi, kenako phala, kenako a dokotala amayendera bedi lililonse. Akadutsa, tsiku lonse ndi lako, kuyang'ana denga ndi kumvera anzako akutsokomola. Anandiika diripi, anandijambula pachifuwa, anatenganso makhololo kuti akaone ngati tizilombo tasiya kumva mankhwala chifukwa chodukiza. Kudikira yankho limenelo ndiko kunandiopsa kuposa magazi aja. Anandiuza kuti ngati taleka kumva, mankhwala ake ndi ena, ambiri, a nthawi yaitali, ndipo si onse amene amatulukamo.

Pa bedi loyandikana nalo panali bambo wa ku Majaua, wocheka matabwa. Anatsokomola chaka chathunthu asanabwere. Anali munthu wa nthabwala, ankati akachira adzandichekera mpando woposa umene ndimapatsa alendo. Masana ena mkazi wake atapita kukaphika kumalo a odikirira odwala, anangoleka kupuma. Anamuphimba, anamutulutsa, anapukuta matiresi. Madzulo panagona wina.

Felista anakhala nane masiku onsewo, akugona pa simenti pambali pa bedi. Ana anawasunga amayi a m'gulu lija, mosinthana makomo. Domingo ankabwera Loweruka ndi nthochi ndi nkhani za kumudzi. Odwala onse m'chipindamo anamuzolowera. Akalowa ankati, "Wafika mlamu wathu!" Ine amene ndinkagona nawo usana ndi usiku ankanditcha bambo a pakona.

Yankho litabwera a dokotala anaima kumapazi kwanga. "Mwachita mwayi. Tizilombo tikumvabe mankhwala. Muyambiranso pachiyambi, miyezi yonse ija. Mukadukizanso, mwayi umenewu sudzakhalapo." Ponditulutsa anafunsa kuti padrinyu akhala ndani. Felista anandiyang'ana. Ndinayang'ana pansi.

"Yemweyo," ndinatero.

Ndinabwerera kumudzi mu Epulo. Belu linayambanso kulira m'mawa. Mpando unatulukanso. Ndinkayasamula, ndinkakweza lilime. Za mtsinje Domingo sanatchulepo ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akanatchula, tikanakangana n'kuthana nazo.

Mankhwalawo si opepuka. Ankandichititsa nseru, mfundo za m'mawondo zinkaphwanya, mapazi ankachita dzanzi. Ndinawauza a namwino, anandiwonjezera kapiritsi kena ndipo dzanzi linachepa. Mwezi uliwonse ndinkapita kukakwera sikelo. Muvi unkasuntha pang'onopang'ono. Patatha miyezi iwiri anayezanso makhololo, anati ayera, ndipo anachepetsa mtundu wa mapiritsi.

Mu Meyi gulu linabweranso kudzakolola. Ndinakhala pakhonde ndikuona madengu akulowa. Nkhokwe inadzaza, chimanga china chinatsala pansi, anachita kuluka nkhokwe yachiwiri. Chibadwire munda umenewo sunandipatsepo chotero. Amayi ankati, "Taonani chimanga cha a Domingo!" M'munda mwa bambo anga. Ndipo n'chimene chinandibwezera thupi, poti china chodya panalibe. Phala lililonse limene ndinamwa chaka chimenecho linali la njere imodzi phando limodzi.

M'mawa wina Domingo atachedwa, ndinamuuza Felista chimene chinkandidya. Ndinati mwina akanalola woyamba uja, bwenzi pano asakutaya zitini.

Anali akupeta. Sanaleke.

"Ndikanafuna a Domingo ndikanawalola nthawi imene inu munalibe ngakhale njinga. Tachotsani miyendo yanuyo, ndikufuna kusesa."

Sindinabwerezenso. Koma belu litalira ndinamvetserabe mmene ayankhire moni.

Mu Juni ndinamva kuti njinga ya odwala yafa. Masipoko anathothoka, gudumu linapindika, ndipo gogo wina wothyoka mwendo anachita kumunyamula pa chitseko mpaka ku sentro. Ndinamuuza Domingo kuti aibweretse. Anaikoka n'kuisiya pabwalo panga. Nditaiyang'ana ndinakwiya. Njinga yabwino, yolimba, koma chiipatsidwire palibe amene anaithirapo ngakhale dontho la mafuta. Ndinakhala pa mkeka ndi zitsulo zanga. Ndinamasula zonse, ndinatsuka ndi parafini, ndinaika girizi, ndinawongola gudumu sipoko ndi sipoko. Ntchito ya tsiku limodzi inanditengera sabata chifukwa mphamvu zinali zisanabwerere. Sindinachite chifukwa cha chifundo. Njinga yozunzidwa imandipweteka m'maso.

Atamva, amayi a m'gulu anayamba kubwera ndi zawo. Wina wilibala ya gulu, wina chogwirira cha mjigo chimene chinkagwedera. Ndinkakonza. Apo ndinaona kuti gulu lija linali ndi anthu odziwa kuyimba, kupemphera ndi kutonthoza, koma wodziwa sipanala munalibe.

Mankhwala ndinamaliza mu Seputembala. Anayeza makhololo komaliza, a namwino anandigwira dzanja n'kunena kuti ndachira. Anamugwiranso dzanja Domingo, nthawi yaitali kuposa ine.

Ndinayamba kutchova njinga ya odwala yopanda munthu, kuzungulira mudzi, ati kuyesa mabuleki. Kenako ndinaikamo thumba la chimanga. Kenako awiri. Mu Novembala, pa msonkhano wa gulu pansi pa mtengo wa kutchalitchi, ndinapita n'kukhala kumbuyo. Atafunsa ngati pali wonena kanthu ndinati njinga ija izigona kwanga, ndipo wotchova ndikhala ine. Anaomba m'manja. Domingo anati masikipa anatha, mwina adzabwera ena. Mpaka lero sanabwere. Felista naye analowa gulu mwezi womwewo. Amayendera odwala a kumtunda Lachitatu. Amapita ndi amayi anzake. Ndinafunsa.

Pano ndili bwino. Sinditsokomola. Thupi linabwerera, lamba ndikumanga pa bowo lakale. Kukazizira mpweya umandichepera pang'ono, ndipo a dokotala anati ndi chipsera cha m'phapo chimene chinabwera chifukwa chodukiza, sichidzachoka. Matumba ndimanyamula awiri. Thumba lachitatu ndinalisiya m'mtsinje muja, m'Januwale.

Kwa amene akutsokomola ndinena izi. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, pita ukalavulire m'kabotolo. Usadikire magazi. Bambo wa ku Majaua uja anadikira. Ukayamba mankhwala, malizira komwe unayambira. Usathawire tsidya lina, mtsinje sudziwa tsiku lako. Akakupatsa padrinyu amene sumukonda, yasamula basi. Sukumezera iye. Ndipo ukachira, ona chimene manja ako amadziwa, ukachipereke ku gulu la kwanu. Sikuti mpaka ukhale munthu wabwino. Ine sindinasinthe kwenikweni, koma njinga ija tsopano sikulira.

Mwezi wa Febuluwale wapitawu, m'mawa mvula itangokata, anthu anabwera kudzagogoda. Mtsikana wina wa kumtunda, mimba yoyamba, matenda anali atamuyamba ndipo zinthu sizinkayenda. Tinamugoneka m'ngolo. Felista analowa naye pang'ono kumugwira mutu, kenako anatsika n'kumathamanga pambali. Domingo anatsatira pa njinga yake atakweza amayi ake a mtsikanayo. Msewu unali phala lokhalokha. Ngolo inkaterereka uku ndi uku, mtsikana akubuula.

Pa chitunda cha pa mabulugamu ndinamva Domingo akukuwa kumbuyo kuti nditsike tikankhe. Sindinatsike. Ndinaimirira pa mapedulo. M'chifuwa munkalira ngati mvukuto, m'maso munachita mdima, kumbali kuja kunabaya. Ndinafika pamwamba ndili pa njinga. Nditacheuka ndinaona Domingo ali pakati pa chitunda, akukankha yake, chipewa chili m'manja. Felista anali pakati pa ife awiri, akupuma ndi manja m'chiuno. Ankayang'ana kumtunda.

Ku sentro anamulandira msanga. Ife tinakhala panja pa benchi mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenako tinamva kulira kwa khanda, ndipo amayi aja anatuluka akululutira, chitenje chikukwekwereka m'matope. Mwana wamwamuna, onse ali moyo. Anadutsa pamene ndinakhala ine, n'kukagwada pamaso pa sikipa yobiriwira.

"A Domingo, Mulungu akudalitseni! Mwanayu akadzatuluka m'chikuta, dzina lake ndi Domingo!"

Anthu a pa benchi anaomba m'manja. Ine ndinkachotsa matope m'zala za kumapazi ndi kamtengo. Zimenezo ndinazizolowera.

Koma Domingo anaseka, n'kuwadzutsa amayiwo, n'kuwatembenuzira kwa ine.

"Ayi mayi, mwalakwitsa khomo. Ine pa chitunda paja ndinatsika, munaona nokha, munachita kuyenda wapansi. Watchova ndi uyu. Mwanayo ndi Zakariya."

"Zakariya!" anatero amayiwo. "Eee, dzina la m'Baibulo! Zakariya yemweyo!"

Onse ananditembenukira, a namwino omwe ali pakhomo. Ndinayang'ana Domingo. Ankamwetulira ndi mtima wonse, mopanda chinyengo, monga ankachitira pondiika mapiritsi m'dzanja. Mankhwala anadzera mwa iye. Chimanga chinadzera mwa iye. Tsopano ndi dzina langa lomwe.

"Mano, nenanipo kanthu," anatero.

Felista anabisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka.

Ndinaimirira. Ndinadina tayala lakumbuyo ndi chala, linali lolimba. Ndinagwedeza lona kuti madzi atsike, ndinatembenuza njinga ndi ngolo yake, n'kuikankha kutuluka pa geti.